Kusankha ndi kumanga takomita pa pikapu yakale

LILONGWE — Mapikapu ambiri amene amatuta chimanga, fodya, njerwa ndi katundu wa m'magolosale m'misewu ya dziko lino ndi akale, ndipo ochuluka mwa iwo anatuluka m'fakitale opanda chida chosonyeza momwe injini ikuzungulirira. Pa dashibodi ya Toyota Hilux wamba ya dizilo ya zaka za m'ma 1990, kapena pa Isuzu KB ndi Nissan 1400 zimene anazipangira ntchito yakalavulagaga, woyendetsa amangoona mita ya liwiro, geji ya mafuta ndi geji ya kutentha kwa madzi. Za injini yeniyeniyo amadalira khutu.

Khutu la dalaivala wozolowera silinama kawirikawiri. Vuto n'lakuti pikapu yodzaza matumba, ya ekizozi yobooka, ikamathamanga pamsewu wamiyala imasokosera paliponse moti kulira kwa injini kumabisika. Komanso eni magalimoto ambiri sayendetsa okha. Amapereka kiyi kwa mnyamata amene injiniyo sanayizolowere. N'chifukwa chake ena amagula chida chotchedwa takomita, chimene amakaniko amachidziwa ndi dzina loti rev counter, n'kuchimanga pa galimoto imene inabwera yopanda chidachi.

Ntchitoyi imaoneka yapafupi popeza takomita zambiri zili ndi mawaya anayi okha. Komabe takomita yosagwirizana ndi injini imanama, ndipo woyendetsa woikhulupirira angathe kupha injini imene akanaisunga akanangomvera khutu lake. Motero nkhani yagona pa kusankha chida choyenera injiniyo, ndi kuchiyesa chikangomangidwa.

Chimene takomita imawerenga

Dzinali linachokera ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza liwiro ndi muyeso. Takomita imawerenga maulendo amene chitsulo chachikulu chotchedwa crankshaft, chimene mapisitoni amachitembenuza m'kati mwa injini, chazungulira pa mphindi imodzi. Muyesowu amaulemba mwachidule kuti rpm. Pankhope ya chidachi pamakhala manambala 1, 2, 3 mpaka 6 kapena 8, ndi kachilembo kakuti x1000. Kamuvi kakaloza pa 3 ndiye kuti injini ikuzungulira ka 3,000 pa mphindi, komwe ndi ka 50 pa sekondi iliyonse.

Takomita ndi yosiyana ndi mita ya liwiro, imene imatsata kuthamanga kwa matayala. Galimoto ikhoza kuyenda makilomita 40 pa ola injini ikulira kwambiri pa giya yachiwiri, kapena ikungong'ung'udza pa giya yachinayi. Ndi yosiyananso ndi tachograph ya m'malole ndi m'mabasi akuluakulu, imene imasunga liwiro ndi maola amene dalaivala wayendetsa.

Kufunika kwake kumachokera pa mfundo yakuti injini iliyonse ili ndi pamene imakoka bwino kwambiri, ndiponso malire amene siyenera kupyola. Injini ya Toyota 3L ya malita 2.8, imene ili m'ma Hilux ambiri a dizilo a zaka za m'ma 1990, imakoka zedi pa 2,400 rpm, ndipo mphamvu zake zimafika pachimake pa 4,000 rpm. Injini ya 1HZ ya malita 4.2 ndi masilinda 6, ya mu Land Cruiser, imakoka zedi pa 2,200 rpm ndipo pachimake pake ndi pa 3,800 rpm. Injini za petulo zimazungulira kwambiri kuposa apa, ndipo zambiri zimafika pa 5,000 rpm popanda vuto. Manambala a injini iliyonse ali m'buku la galimotoyo.

Pokwera phiri la Chiweta, kapena msewu wa Khwekhwerere wochokera ku Golomoti, dalaivala wofuna kupulumutsa mafuta amakakamira giya yapamwamba n'kupondereza moto mpaka pansi. Injini ya dizilo ikamavutika pa 1,200 rpm ndi katundu wodzaza imatulutsa utsi wakuda, umene ndi dizilo wosapsa bwino. Imatenthanso, ndipo mabering'i amapanikizika pa nthawi imene pampu ya oyilo ikuzungulira pang'onopang'ono. Mafuta ankafuna kupulumutsa aja amathera m'mwamba. Wokhala ndi takomita amaona kamuvi kakutsika pansi pa 2,000 n'kusinthiratu giya injini isanayambe kubanika.

Ngozi yoposa apa ili potsetsereka. Pampu ya dizilo ili ndi chida chotchedwa governor chimene chimachepetsa mafuta injini ikafika pamalire ake, ndipo kaamba ka ichi madalaivala ena amakhulupirira kuti injini ya dizilo singapyole malire. Koma chidachi chimalamulira mafuta okha. Potsika phiri lochokera ku Blantyre kupita ku Chikwawa, matayala ndiwo amatembenuza injini. Pikapu yolemera ikalowetsedwa giya yotsika kwambiri ili paliwiro, injini imakankhidwa kupyola malire ngakhale dalaivala atachotsa phazi pa moto. Zikafika apa mavavu amalephera kutsekeka pa nthawi yake, ndipo angathe kugundana ndi mapisitoni. Takomita imathandiza woyendetsa kusankha giya yoyenera asanayambe kutsika, ndi kudziwa nthawi yoponda buleki kamuvi kasanafike pamzere wofiira.

Chidachi chimaululanso kilatchi imene yayamba kutha: pokwera mtunda kamuvi ka takomita kamakwera pamene ka liwiro kali pomwepo. Chimathandizanso makaniko pochuna injini kuti izilira bwino galimoto itaima. Injini zambiri za mapikapuwa zikatentha zimafuna kukhala pakati pa 650 ndi 850 rpm.

Injini ya petulo

Chinthu choyamba chimene wogula ayenera kuuza wogulitsa ndi mtundu wa injini yake. Takomita yamagetsi siona injini ikuzungulira. Imawerenga timagetsi todukizadukiza timene chida china cha pa injini chimatulutsa, n'kutisandutsa manambala. Kumene timagetsito timachokera n'kosiyana pa petulo ndi pa dizilo.

Pa injini ya petulo timachokera ku koyilo, chida chimene chimapanga moto wa mapulagi. Silinda iliyonse imalandira moto kamodzi injini ikazungulira kawiri. Choncho injini ya masilinda 4 imapereka moto kawiri pa kuzungulira kumodzi, ya masilinda 6 katatu, ndipo ya masilinda 8 kanayi. Ichi n'chifukwa chake kumbuyo kwa takomita ya petulo kumakhala kaswichi kolembedwa 4, 6 ndi 8.

Kaswichika kakasiyidwa pa 8 pamene injini ndi ya masilinda 4, chidacho chimaonetsa theka la zoona: injini ikuzungulira ka 5,000, kamuvi kali pa 2,500. Kakasiyidwa pa 6 chimaonetsa magawo awiri mwa atatu. Cholakwikachi chimachitika mosavuta chifukwa takomita zina zopangidwira msika wa ku United States, kumene injini za masilinda 8 n'zofala, zimabwera zitatcheredwa kale pa 8. Ndi bwino kuona kaswichika chida chisanamangidwe, popeza chikalowa m'malo mwake kumbuyo sikufikirikanso.

Waya wotenga timagetsito amalumikizidwa ku mbali ya koyilo yolembedwa "-" kapena nambala 1, osati yolembedwa "+" kapena 15. Pa Nissan 1400, imene inkapangidwa ku Rosslyn m'dziko la South Africa mpaka chaka cha 2008, koyilo ili poonekera ndipo ntchitoyi ndi yapafupi. Pa magalimoto ena a Toyota a kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi a m'ma 1990, koyilo inabisika m'kati mwa distributor, koma opanga anasiya polumikizira takomita, kawirikawiri m'kabokosi koyezera matenda a injini, pamene analembapo IG-.

Injini ya dizilo

Injini ya dizilo ilibe koyilo ngakhale mapulagi a moto. Mapulagi amene ili nawo ndi otenthetsera poliza m'mawa basi. Motero takomita ya petulo ilibe poti n'kuilumikiza, ndipo woigula kaamba ka Hilux kapena Isuzu ya dizilo wataya ndalama.

Njira yofala kwambiri pa dizilo ndi yotenga timagetsi ku alternator. M'kati mwa alternator magetsi amayamba ngati mafunde opita uku ndi uku, asanawongoledwe ndi madayodi kuti akalowe m'batire, ndipo mafundewo amachuluka alternator ikamazungulira kwambiri. Alternator zina zili ndi polumikizira polembedwa W kapena P potulutsira mafundewa kunja. Imene ilibe, makaniko wa zamagetsi a galimoto amaitsegula n'kuwotcherera waya pa imodzi mwa nthambo za stator, zisanafike pa madayodi.

Chofunika kukumbukira n'chakuti takomita yotere ikuwerenga alternator, ndipo alternator imatembenuzidwa ndi lamba wodutsa pa timagudumu tiwiri timene amakaniko amati mapule. Alternator zambiri zimatulutsa mafunde 6 pa kuzungulira kumodzi. Mwachitsanzo, pule ya injini ikakhala ya mamilimita 140 ndipo ya alternator 70, alternator imazungulira kawiri pamene injini yazungulira kamodzi, ndiye kuti takomita imalandira mafunde 12. Alternator ikasinthidwa n'kubwera ina ya pule ya mamilimita 60, mafundewo amakhala 14, ndipo injini yozungulira ka 3,000 idzaoneka ngati ili pa 3,500. Choncho takomita yolumikiza pa W iyenera kukhala ndi potchera, kaya ndi kasikuluu kapena kabatani, ndipo aliyense wosintha alternator ayenera kuitcheranso.

Wochotsa alternator pa injini za Toyota 2L ndi 3L, kapena Isuzu 4JA1 ndi 4JB1, achenjere ndi chinthu china. Kumbuyo kwa alternator za injinizi kuli kapampu ka vacuum kothandiza mabuleki, pamodzi ndi timapaipi ta oyilo. Zonsezi zibwezeretsedwe bwino, ndipo mabuleki ayesedwe galimoto isanalowe mumsewu.

Palinso njira zina zosadalira lamba. Ma Hilux ndi ma Land Cruiser a dizilo amene anabwera ndi takomita yawoyawo amawerengera pa kachida komangidwa pa pampu ya dizilo. Njira ina ndi ya kachida ka maginito kowerenga mano a flywheel akamadutsa. Imeneyi sinama, koma imalira kuboola chikuto cha kilatchi ndi kudziwa chiwerengero cha mano. Ina ndi ya kachida komana paipi ya dizilo yopita ku injector, kamene kamamva kugunda kwa mafuta akamadutsa.

Eni magalimoto ena amakonda kugula mamita onse a pa dashibodi kumene amaphwasula magalimoto, ochokera pa galimoto ya mtundu womwewo imene inali ndi takomita. Zikatheka zimaoneka bwino kwambiri, koma mamita a galimoto ya petulo sawerenga pa ya dizilo, ndipo a dizilo amafuna kachida ka pa pampu kaja. Komanso ngati mamita atsopanowo ali ndi geji ya oyilo pamene akale anali ndi kanyali kokha, kaswichi ka oyilo ka pa injini kayenera kusinthidwa nako, apo ayi gejiyo ipsa. Makilomita olembedwa pa mita amasinthanso, ndipo mwini wokhulupirika ayenera kulemba akalewo kuti adzauze wodzagula galimotoyo.

Kukula kwake ndi manambala ake

Takomita zogulitsa pazokha zimabwera m'misinkhu yodziwika. Zazing'ono ndi za mamilimita 52 m'mimba mwake, zapakati ndi za 80 kapena 85, ndipo zazikulu za mainchesi asanu, pafupifupi mamilimita 127, anazipangira magalimoto a mpikisano. M'chipinda chopanikiza cha pikapu, ya 52 imakwana paliponse koma imafuna maso akuthwa, pamene ya 80 kapena 85 imawerengeka mosavuta. Yaikulu ija imatchinga msewu.

Manambala a pankhope agwirizane ndi injini. Pa dizilo imene malire ake ali cha m'ma 4,000 rpm, yoyenera ndi yolekezera pa 5,000 kapena 6,000. Pa yolekezera pa 8,000 kapena 10,000, kamuvi kamangoyenda m'kachigawo kochepa ka nkhopeyo, ndipo kusiyanitsa 2,000 ndi 2,400 kumavuta galimoto ikamagwedezeka. Pa petulo yolekezera pa 8,000 ili bwino. Wogula aonenso mphamvu ya magetsi: mapikapu ambiri ndi a 12V, koma malole ang'onoang'ono ambiri a dizilo ndi ma Land Cruiser ena akale ndi a 24V.

Ya kamuvi imaposa ya manambala owala pa mfundo imodzi: diso limaona pamene kamuvi kaloza popanda kuwerenga, pamene manambala osinthasintha amafuna kuwayang'anitsitsa. Nkhope yakuda ya manambala oyera ndiyo yosatopetsa maso. Zokhala ndi nyali zamitundumitundu zimakopa pasitolo, koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Usiku pamsewu wopanda magetsi kuwala kotere kumathobwa m'maso. Wofunsa m'masitolo a zipangizo za galimoto, kaya ndi ku Limbe, mumsewu wa Malangalanga ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, aonetsetse kuti m'bokosi muli pepala la malangizo ndi kachitsulo kogwirizira, ndipo agwirizane ndi wogulitsa za kubweza ngati chidacho sichigwirizana ndi injini.

Malo omangapo

Malo abwino ndi amene woyendetsa angawaone pongoponya diso, popanda kutembenuza mutu. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi, choncho takomita yomangidwa pansi pafupi ndi ndodo ya magiya imachotsa maso pamsewu kwa mtunda wokwanira kugunda wanjinga kapena mbuzi. Chidachi chisatchingenso mita ya liwiro, geji ya madzi, kapena tinyali tofiira ta oyilo ndi batire, popeza timeneti ndi tofunika kuposa takomitayo.

Malo oyamba ndi pamwamba pa dashibodi, kudzanja lamanja pafupi ndi chitsulo cha m'mbali mwa galasi lakutsogolo, popeza magalimoto a kuno chiwongolero chili kumanja. Apa chidacho chimaoneka bwino, koma chimaombedwa ndi dzuwa tsiku lonse ndipo chimakopa maso a akuba. Tepi yomata mbali zonse sigwira nthawi yaitali m'kutentha kwa ku Nsanje, Salima kapena Karonga, ndipo pamsewu wa mabampu chidacho chimagwa n'kulendewera pa mawaya. Pamafunika timabawuti ndi mawashala. Asanaboole dashibodi, womanga ayambe wasuzumira pansi pake, pamene pamadutsa mawaya ndi mapaipi a mpweya.

Malo achiwiri ndi pa mtengo wa chiwongolero, pomanga ndi kalampu. Kalampuyo igwire chikuto chosazungulira, osati chitsulo chimene chimatembenuka ndi chiwongolero. Akamanga, atembenuze chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse, ayese ndodo ya maindiketa, ndipo aone ngati bondo silikugundapo poponda kilatchi ndi buleki.

Malo achitatu ndi kuboola bowo m'dashibodi momwemo, ngati pali mpata, kuti takomita ilowe ngati inabwera ndi galimoto. Apa imatetezeka ku dzuwa ndi fumbi. Pa mapikapu a kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kupita m'tsogolo amene ali ndi airbag, pasamangidwe kanthu pa chivundikiro chake, ndipo mawaya ake, amene kawirikawiri amakutidwa ndi chikuto chachikasu, asakhudzidwe.

Kulikonse kumene wasankha, mwini galimoto akhale kaye pampando, wina amugwirire chidacho pamalopo, aone masana ndi usiku ngati sichikuonekera m'galasi lakutsogolo. Bowo likabooledwa silitsekekanso.

Kulumikiza mawaya

Ntchito ya magetsi imayamba ndi kumasula waya wa "-" pa batire. Pa takomita zambiri waya wofiira ndi wa magetsi, wakuda ndi wa earth, wobiriwira ndi wotenga timagetsi ta injini, ndipo woyera ndi wa nyali ya usiku. Mitunduyi imasiyana malinga ndi opanga, choncho pepala la malangizo ndilo loyenera kulitsata.

Waya wofiira atenge magetsi pamalo amene amayaka kiyi akatembenuzidwa, kudzera pa fyuzi yaing'ono monga ya 3A kapena imene pepala lanena. Akalumikizidwa mwachindunji ku batire, chidacho chimadya magetsi usiku wonse. Asatengedwenso ku mbali ya "+" ya koyilo, chifukwa pa magalimoto ambiri akale magetsi ofika pamenepo amadutsa pa ballast resistor imene imawachepetsa. Waya wakuda amangidwe ndi bawuti pa chitsulo cha galimoto chopalidwa penti ndi dzimbiri, popeza mavuto ambiri a takomita amachokera pa earth yosagwira bwino. Woyera alumikizidwe ku waya wa nyali za pa dashibodi kuti aziyaka limodzi ndi nyali zazing'ono zakunja.

Waya wobiriwira ndiye wofunika kusamala naye koposa, chifukwa amachoka kwa woyendetsa kupita ku injini podutsa chitsulo cholekanitsa mbali ziwirizi. Adutse pabowo lokhala ndi kamphira. Pa galimoto ya petulo, wayayu akakhulika n'kukhudza chitsulo, moto wa mapulagi umatha nthawi yomweyo, injini imazima pakati pa msewu, ndipo koyilo imatentha. Pa dizilo kukhudzana kotere kungawononge alternator, choncho ndi nzeru kuika fyuzi yaing'ono pafupi ndi W. Wayayu apite kutali ndi ekizozi, fani, malamba ndi mawaya a mapulagi, ndipo amangiriridwe kuti asagwere pa zopondera.

Polumikizira paliponse pawotchereredwe kapena papanidwe ndi timapini toyenera, kenako pakutidwe bwino. Kupota mawaya ndi zala n'kukulungapo jumbo kumagwira sabata imodzi, pambuyo pake kamuvi kamayamba kuvina, ndipo moto wa m'galimoto umayambira pamalo otere.

Kuyesa ngati ikunena zoona

Takomita yongomangidwa kumene isakhulupiriridwe isanayerekezedwe ndi muyeso wina. Magalaja ena ali ndi kachida ka m'manja kowerenga ndi kuwala: amamata kapepala konyezimira pa pule ya injini n'kulozapo kachidako. Pa petulo, mamita ena oyezera magetsi ndi nyali zina zochunira moto zimawerenganso rpm. Kuyesaku kuchitike injini ikulira yokha, kenako cha m'ma 2,000 mpaka 2,500, ndipo kutchera kuchitikire kumtundaku chifukwa ndi kumene injini imagwirira ntchito. Galimoto ichotsedwe pa giya, handibuleki ikokedwe, ndipo manja ndi zovala zikhale kutali ndi fani.

Kumene kulibe zidazi, masamu amathandiza. Pa mapikapu ambiri a magiya anayi kapena asanu, giya yachinayi imapereka kuzungulira kwa injini monga momwe kulili, osachepetsa kapena kuonjezera. Chotsala ndi kudziwa nambala ya difu, imene ili m'buku la galimoto, ndi mtunda umene tayala limayenda likazungulira kamodzi. Mtundawu umapezeka polemba choko pa tayala lakumbuyo ndi pansi, kukankha galimoto mpaka chokocho chibwererenso pansi, n'kuyeza ndi tepi.

Tiyerekeze kuti tayala likuyenda mamita awiri ndipo difu ndi ya 4.3. Liwiro la makilomita 60 pa ola ndi mamita 1,000 pa mphindi, kutanthauza kuti tayala likuzungulira ka 500. Kuchulukitsa 500 ndi 4.3 kumapereka 2,150. Choncho pa giya yachinayi, pa makilomita 60 pa ola, kamuvi kayenera kukhala pafupi ndi 2,150 rpm. Liwirolo liyezedwe ndi GPS ya pa foni imene wagwira munthu wina, pamsewu wowongoka, chifukwa mita ya liwiro ya galimoto yakale imasokonekera, makamaka ngati matayala anasinthidwa msinkhu. Galimoto ya 4x4 ikhale pa H poyesa.

Kamuvi kakamachita zachilendo

Pa dizilo yolumikizidwa pa W, si zachilendo kuti kamuvi kakhale pa 0 injini itangolira kumene mpaka dalaivala ataponda moto pang'ono. Alternator zina zimachedwa kuyamba kupanga magetsi. Kamuvi kakamatsika nyali zazikulu zikayatsidwa, kapena galimoto ikadutsa m'madzi, ndiye kuti lamba akuterereka ndipo afunika kukungidwa kapena kusinthidwa.

Kakagwa mpaka pa 0 injini ikulirabe, dalaivala aime msanga pamalo abwino. Mwina waya wangoduka, koma mwinanso lamba ndiye waduka, ndipo pa injini zambiri za mapikapuwa lamba yemweyo amatembenuzanso pampu ya madzi. Injini imatentha m'mphindi zochepa, ndipo kumene kapampu ka vacuum kali pa alternator, buleki imalimba akaiponda kangapo.

Pa petulo, kamuvi kolumphalumpha kamasonyeza earth yosagwira, mapoyinti otha, kapena waya wobiriwira woyandikana ndi mawaya a mapulagi. Kamuvi kokhazikika koma kotsika ndi theka kamaloza ku kaswichi ka masilinda. Ndipo injini ikakana kulira, takomita imathandiza kufufuza: kamuvi kakamanjenjemera sitata ikutembenuza, ndiye kuti koyilo ikulandira timagetsi take, ndipo vuto lifunidwe kwina monga ku mapulagi kapena ku mafuta.

Takomita zambiri zogulitsa pazokha zimabwera zopanda mzere wofiira, kapena ndi mzere wosagwirizana ndi injini ya dizilo. Mwini galimoto angathe kumata timizere tiwiri ta tepi pagalasi la chidacho: kamodzi pamene injini yake imakoka bwino, kena pamalire ake malinga ndi buku. Pa Hilux ya 3L timizereti tingakhale pa 2,400 ndi pa 4,000. Dalaivala watsopano akapatsidwa kiyi auzidwe kuti pokwera ndi katundu kamuvi kazikhala pafupi ndi kamzere koyamba, ndipo potsika kasafike pa kachiwiri. Kuona oyilo, madzi ndi lamba m'mawa uliwonse kumakhalabe ntchito yake monga kale.